Mmene mungamusiyire mnyamata wanu kuti ayambe kuima payekha

Wanga ali ndi zaka 15, mawu anasintha kale kukhala abesi, msinkhu wandipitirira, ndiye sabata yathayi ndadzuka m'mawa ndangopeza yunifomu anachapa yekha usiku, wasita, nsapato wapolisha, popanda womuuza. Ndinangoima pakhomo mtima kuti myaa. Makolo anzanga, izi sizinangochitika zokha ayi, ndikuuzeni mmene tinayendera.

Sankhani ntchito imodzi yokha n'kumupatsa yonse yathunthu, osati theka. Ife tinayamba ndi kudzuka. Ndinamuuza kuti kuyambira Lolemba sindigogodanso chitseko chako, alamu ili pafoni yakoyo. Apa chovuta sichikhala kwa mwana, chimakhala kwa inu kholo, chifukwa tsiku lina adzagonereza ndithu ndipo inu muli panja nthawi ikupita mtima ukukuuzani kuti kagogodeni kamodzi kokha. Musagogode. Achedwe, akayankhe yekha kwa aphunzitsi, akabwera musamunene kuti ndinakuuza ine, mungomufunsa kuti mawa upanga bwanji kuti zisachitikenso. Mukamupulumutsa tsiku limenelo ndiye kuti ntchito ija mwailandanso, iye aphunzira kuti alamu yeniyeni ndi inu.

Komanso musafulumire kumutcha waulesi. Mwana akatha msinkhu thupi limachedwa kutulutsa melatonin, yomwe imabweretsa tulo ija, nchifukwa chake usiku amakhala maso gwa m'mawa n'kumavutika. Akatswiri a za tulo amati wazaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10, ndiye khalani pansi awerengetse yekha kuti ngati akudzuka nthawi yakuti, foni azizimitsa nthawi yanji. Nthawi yoti watchula yekha amaisunga kuposa yomwe mwamulamula.

Zikayenda kwa mwezi, onjezani ina. Ndalama yodyera kusukulu ndi ya thiransipoti muzimupatsa ya sabata yonse kamodzi, kenako ya mwezi, ikatha msanga osawonjezera. Zochapa, zosita, kukumbukira homuweki, kukafunsa yekha mphunzitsi pomwe sanamve, zonsezo zizipita m'manja mwake pang'onopang'ono.

Koma sikuti mungomutayirira. Mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imathandiza munthu kuima kaye n'kuganizira zotsatira, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma 25, ndiye mnyamata amene akuganiza bwinobwino ali nanu pakhomo akhoza kupanga chinthu chopanda nzeru ali pagulu la anzake. Musiyireni zinthu zoti akalakwitsa angochita manyazi kapena kuvutika tsiku limodzi. Zokhudza moyo wake zija, za mowa, kukwera galimoto ya munthu woledzera, kugona kunja osanena, pamenepo malire akhale olimba ndipo mumuuze chifukwa chake. Kwathu lamulo ndi lakuti anene komwe ali, ali ndi ndani, abwera nthawi yanji. Ndinamulonjezanso kuti akapezeka pamalo poipa aimbe foni nthawi ina iliyonse, ndidzabwera kudzamutenga osakalipa usiku umenewo, zokambirana mawa.

Pa nkhani yocheza naye, anyamata ambiri samasuka mukawakhazika pampando maso ndi maso ngati kukhoti. Wanga amatseguka tikuyenda kapena tikukonza kanthu limodzi, maso ali kwina. Akayamba kufotokoza vuto gwirani pakamwa kaye, mufunseni kuti iweyo ukuona kuti utani. Ndipo kuchipinda kwake muzigogoda musanalowe, kakuoneka kakang'ono koma iye amakawerengera kwambiri.

Tsopano kunyadira kuja musakubise mumtima. Muuzeni, koma mutchule chenicheni chomwe wachita, osangoti ndiwe mwana wabwino, ndipo osati pamaso pa anzake, amachita manyazi. Penapake zimawawa ndithu kuona kuti kamwana kamene kankakugwirani chala powoloka msewu lero sikakukufunaninso pa zambiri, ine misozi inalengeza tsiku la yunifomu lija. Madzulo ake ndinamupeza akulongedza mabuku ndinamuuza kuti mwana wanga, ndaona zomwe unachita usiku ndipo wandisangalatsa kwambiri. Anangoti "zikomo" maso ali m'chikwama, koma ndinaona akumwetulira, kenako anandifunsa ngati mwezi wamawa angayambe kupita yekha kukagula zofunika zakusukulu. Ndinavomera.