Momwe mungaikire khola la chinkhwe pafupi ndi zenera

Chinkhwe chimakonda kuona zochitika panja, ndipo kuwala kwa masana kumachithandiza kudziwa nthawi yodzuka ndi yogona. N'chifukwa chake ambiri amangokankhira khola pagalasi penipeni, ndipo apo ndi pomwe pamalakwika. Malo abwino ndi pambali pa zenera, pomwe mbalameyo ikafuna dzuwa isendera yokha, ikatopa nalo ibwerera pamthunzi.

Musanasunthe chilichonse, tengani tsiku lathunthu mukuona momwe dzuwa limalowera m'chipindacho. Lembani ndi choko pansi pomwe lafika cha m'ma 8 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko madzulo. Zenera loyang'ana kum'mawa ndilo labwino chifukwa dzuwa lake ndi lofatsa ndipo limachoka msanga. Lakumadzulo ndilo loopsa, popeza dzuwa limalowa nyumba itatentha kale. Ngati muli kum'mwera kwa equator, mazenera oyang'ana kumpoto amalandira dzuwa kwa maola ambiri, pomwe kumpoto kwa equator ndi oyang'ana kum'mwera. Pamalo mwasankhapo ikanipo thermometer pa msinkhu wa khola. Zinkhwe zambiri zimakhala bwino pakati pa madigiri 18 ndi 27. Ikafika 30 masana, funani malo ena. Mudzayezenso nyengo ikasintha, chifukwa dzuwa silidutsa njira imodzi chaka chonse.

Kutentha musakupeputse. Mbalame situluka thukuta, ndipo thupi la chinkhwe limakhala kale pa madigiri 40 kapena kuposerapo pang'ono, choncho khola likakhala padzuwa lonse chilibe kothawira. Lamulo lake ndi ili: nthawi ina iliyonse ya tsiku, theka la khola likhale pamthunzi, ndipo m'theka limenelo mukhale mtengo woterapo komanso mbale ya madzi. Mbale ikakhala padzuwa, madzi amafunda ndipo chakudya chonyowa monga zipatso chimasasa msanga.

Kenako tsamiritsani msana wa khola kukhoma, pakona ndiye bwino koposa. Kuthengo chinkhwe chimasakidwa, ndipo sichidziwa kuti galasi limachiteteza. Kabawi akadutsa m'mwamba kapena mphaka akakhala pazenera n'kumachiyang'anitsitsa, kwa icho imfa yafika. Chikamaona zotere tsiku ndi tsiku popanda pobisala, chimayamba kulira mosalekeza, kuluma, mwinanso kudzithothola nthenga. Ngati kona palibe, phimbani mbali imodzi ya khola ndi nsalu yolimba yopanda ulusi wolendewera. Khola lisakhale pansi, mtengo woterapo wapamwamba ufike cha pachifuwa panu mutaimirira.

Mphepo muiyeze ndi kaulusi. Tsekani zenera, gwirani kaulusi ka masentimita 20 pafupi ndi felemu, ndipo kakamagwedezeka ndiye kuti pali mpata wofunika kumata. Musayeze ndi kandulo mbalame ili pomwepo, utsi suyanjana ndi mapapo ake. Mpweya wabwino chinkhwe chimaufuna ndithu, chovuta ndi kamphepo kozizira kowomba malo amodzi usiku wonse. Fani ndi makina oziziritsira m'nyumba nazonso zisalunjike pakhola.

Tsopano onani zomwe mlomo ndi phazi zingafikire kudzera m'mawaya. Siyani mpata wa masentimita 50 pakati pa khola ndi katani, zingwe zake, felemu ndi mawaya a magetsi. Chingwe chimakola khosi kapena mwendo. M'mphepete mwa makatani ena amasokereramo tizitsulo ta mtovu kuti azilendewera bwino, penti wa nyumba zakale amathanso kukhala ndi mtovu, ndipo waya wa galvanised amakhala ndi zinc. Zonsezi ndi poizoni mbalame ikamazitafuna. Maluwa a pazenera achokenso, makamaka apoizoni monga dieffenbachia, philodendron ndi oleander. Zenera la kukhitchini lisiyeni ngakhale likhale lokongola bwanji: poto kapena chiwaya chokutidwa ndi Teflon, yomwe imaletsa chakudya kumatirira, chikatenthedwa mopitirira chimatulutsa mpweya womwe umapha mbalame m'kanthawi kochepa. Popukuta galasi kapena popopera mankhwala a tizilombo, yambani mwatulutsa khola m'chipindacho.

Zenera lomwe mumatsegula likhale ndi sefa yotchinga udzudzu yopanda pong'ambika. Udzudzu umafalitsa nthomba ya mbalame, ndipo mbalame zakutchire zimatha kubweretsa matenda kudzera m'zitosi.

Pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Galasi wamba limalola kuwala ndi kutentha, koma limatchinga pafupifupi cheza chonse cha dzuwa chotchedwa UVB, chomwe thupi limafuna popanga vitamini D3. Popanda vitamini ameneyu kashiamu wa m'chakudya salowa bwino m'thupi, mafupa amafooka, ndipo chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, African grey, chimatha kufika pomakomoka. Choncho kukhala pazenera sikuothera dzuwa. Chitulutseni panja m'khola lotseka bwino kwa mphindi 20 kapena 30 kangapo pa sabata, m'mawa, mbali ina ili pamthunzi, inu muli pomwepo. Apo ayi gulani babu la UVB lopangidwira mbalame, mutsate mtunda womwe alemba opanga, ndipo muzilisintha pakatha miyezi 6 mpaka 12 chifukwa mphamvu yake imatha likuyakabe.

Usiku chinkhwe chimafuna mdima wa maola 10 mpaka 12. Tsekani katani yochindikala dzuwa likalowa. Magetsi a galimoto akathwanima pakhoma mwadzidzidzi, mbalame imadzidzimuka n'kumadzimenyetsa kumawaya mpaka kuthyola nthenga zomera kumene, zomwe zimatuluka magazi. Ma cockatiel, mtundu wa zinkhwe zazing'ono, ndiwo amachita zimenezi kwambiri, ndipo kwa iwo kababu kosawala kwenikweni kamathandiza.

Posamutsa musachite tsiku limodzi. Sendezani khola pang'onopang'ono kwa masiku anayi kapena asanu, mukuona ngati chikudya ndi kusewera monga kale. Chikangokakamira kukona yakutali ndi zenera, bwezani khola m'mbuyo. Mukachipeza chikupuma wefuwefu mlomo uli yasa, mapiko chitawatalikitsa kuthupi, chatenthedwa. Chipititseni pamthunzi msanga, chiwazeni madzi wamba, osati a mufiriji, ndipo chikapanda kusintha pakapita mphindi zochepa thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Chikafufumitsa nthenga kwa nthawi yaitali n'kumanjenjemera, chazizidwa kapena chikudwala.

Tsiku lililonse musanatsegule chitseko cha khola, tsekani mazenera onse ndi kukoka makatani, chifukwa mbalame ikamauluka siona galasi. Ngati zeneralo lilibe katani, matanipo timapepala motalikirana masentimita 5 galasi lonse, osati kamodzi pakati pokha.