Mmene DNA inandithandizira pa nkhosa zanga

Anzanga oweta nkhosa kuno ku Chipata, tiana ta nkhosa zanga za mtundu wa Dorper tinkabadwa tofooka, tina kufa sabata isanathe, chonsecho msipu ulipo, mankhwala a njoka zam'mimba ndimapereka. A vet anati mwina ndi chibale, mphongo ikukwera ana ake omwe. Manje mphongo zinali ziwiri m'khola limodzi, tate ndani osadziwika. Tinazula ubweya pamodzi ndi mizu yake, osadula ndi sizasi chifukwa DNA, yomwe imaonetsa makolo a chiweto, ili ku mizuko, nkutumiza ku labu ku South Africa. Zotsatira zinaonetsa kuti mphongo yakale ndiyo inabereka zazikazi zambiri zomwe inkakweranso. Ndinaigulitsa nkugula ina yochokera kutali, zazikazi zonse ndaziika matagi m'makutu ndipo ndikulemba m'kabuku. Tiana ta chaka chino tikuyamwa mwamphamvu zedi.