Chomatira cha njerwa za m'ng'anjo yosungunulira chitsulo: phula kapena utomoni?

Inu amene mumaumba kapena kuyala njerwa za magnesia (ufa wopirira moto waukulu) ndi kaboni m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, musamanyoze chomatira poti n'chochepa. Kawirikawiri chimangokhala magawo awiri mpaka anayi pa 100 alionse a msanganizo, koma ndicho chimagwira njerwa pamene chitsulo chatentha kufika madigiri 1,600. Madzi sangathandize pano, chifukwa graphite, mtundu wa kaboni umene uli m'njerwazi, sanyowa bwino, ndipo magnesia akamwa chinyezi amafufuma n'kuyamba kufumbutuka.

Chomatira chakale ndi phula la malasha. Ubwino wake ndi wakuti likapsa limasiya kaboni wambiri wofanana ndi graphite, wololera kupindika pang'ono, motero njerwa sichedwa kuzolowera kutentha ndi kuzizira kosinthasintha. Koma phulali limafuna kusakaniza kotentha, ndipo utsi wake uli ndi benzo[a]pyrene, mankhwala oyambitsa khansa. Apa sindibisa mawu: wantchito asaime pa utsi wachikasuwo popanda chokoka utsi ndi chophimba kumphuno. Ngati phula ndilo mukufuna, funsani lomwe analichotsa poizoni wambiri, monga Carbores.

Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito utomoni wopangidwa ndi mankhwala, wotchedwa phenolic. Umasakanizika osatenthetsa kwambiri, umakuta bwino graphite, ndipo njerwa imatuluka m'chikombole ili gwa. Ulipo wa mitundu iwiri. Novolac sauma wokha, amafuna mankhwala oumitsira otchedwa hexamine. Resol amauma yekha akatenthedwa, n'chifukwa chake sasungika nthawi yaitali. Muikeni pozizira, ndipo yambani ndi mgolo umene unafika kale. Mukatsegula mgolo n'kupeza utomoni walemerera, ukukanirira pa ndodo, usalowe m'msanganizo.

Poumitsa musathamange. Njerwa zimafunika madigiri pafupifupi 200, koma kutenthako kukwere pang'onopang'ono kuti nthunzi ndi mpweya zituluke mwaulemu. Mukafulumira, kunja kumauma m'kati mukadali mpweya, ndipo ming'alu yake mudzaiona mochedwa, njerwa zili kale pakhoma. Igogodeni ndi kanyundo: yabwino imalira ngwee, yong'aluka imangoti phu.

Vuto la utomoni ndi lakuti kaboni wake amakhala ngati galasi, wosachedwa kusweka komanso kudyedwa ndi mpweya wa okosijeni. N'chifukwa chake amathiramo ufa wa aluminiyamu kapena silicon, kuti ufawo uyambe ndiwo kulanda okosijeni. Ena amaphatikiza utomoni ndi phula la ufa pang'ono, ndipo kwa ine njira imeneyi ndi yanzeru pa mzere wa njerwa umene slag, zinyalala zoyandama pamwamba pa chitsulo chosungunuka, amadya kwambiri.

Potenthetsa chotengera chatsopano cha chitsulo chosungunuka, choyalidwa njerwazi m'kati, musachisiye pamoto maola ambiri mpweya ukulowa mwaufulu. Kaboni wapamwamba amapsa, nkhope ya njerwa imayera mbuu n'kumagumuka mukaikanda, ndiye kuti slag wapeza polowera chitsulo chisanathiridwe n'komwe.