Ntchito ya HR imayambira m'kabati ya mafayilo

Mwana wa achimwene anga anabwera kwathu ku Area 25 Loweruka lapitali, satifiketi ili m'envelopu ya khaki, n'kundifunsa kuti, "Azakhali, ntchito yanu ya HR ija amalowa bwanji?" Ndinamufunsa chimene iye amaganiza kuti timachita ife a HR, oyang'anira za antchito pakampani. Anati timalemba anthu ntchito, ndipo akalakwa timawachotsa. Ndinaseka mpaka tiyi anandipalira. Zimene ndinamuuza madzulo amenewo ndi izi, mwina zithandizanso ena.

Za pepala tisatalikitse. Ena ali ndi digiri ya ku University of Malawi ku Zomba, ena ali ndi dipuloma ya ABE kapena ABMA, mabungwe a mayeso a ku UK, imene anaphunzira madzulo m'makoleji a muno mu Lilongwe ataweruka kuntchito. Zonsezo zimatsegula chitseko. Mukalowa, kalembetseni ku IPMM, bungwe la anthu a ntchito yathuyi, chifukwa kumisonkhano yawo ndi kumene mumamva kuti kwinakwake kukufunika munthu zisanatuluke m'nyuzi ya Nation kapena Daily Times. Koma musayembekeze kuti pepalalo likukhazikani pampando wozungulira. Ine ndinayambira ku Kanengo, pakampani ina yonyamula katundu, ndipo miyezi inayi yoyamba ntchito yanga inali kupukuta fumbi ndi kusanja mafayilo m'kachipinda kopanda windo. Malo otero akapezeka, ngakhale akhale a internship ya boma kapena oyang'anira kaundula wa makalata, atengeni.

M'kachipinda kameneko ndi mmene ndinaidziwira kampani. Fayilo ya munthu imanena zambiri kuposa mwini wake. Mumapeza dalaivala wagwira zaka zisanu ndi chimodzi wopanda kalata ya ntchito. Mumapeza mlonda amene sanapitepo kutchuthi chilowereni. Wina pa fomu ya penshoni analemba dzina la mkazi woyamba, pomwe pano ali ndi wina ku Mgona ndi ana atatu, ndipo mukapanda kumufunsa lero mudzaziona tsiku la maliro ake, mabanja awiri atakhala pakhomo pa ofesi yanu. Ndiye tengani fayilo imodziimodzi, muone ngati muli kontrakiti yosainidwa, kope la chitupa cha unzika, fomu ya tchuthi ndi dzina la wachibale woimbiridwa foni pakagwa ngozi. Zosowa zilembeni papepala limodzi mukapereke kwa abwana. Pepala limenelo ndi limene linandichotsa m'kachipinda kaja.

Kenako lamulo. Pezani Employment Act ya chaka cha 2000, muisindikize, muziyenda nayo m'chikwama ngati buku la nyimbo. Pali manambala amene muyenera kuyankha osatsegula buku, chifukwa anthu amakufunsani muli pamzere wa nsima. Maola ogwira ntchito pa sabata asapitirire 48. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Mayi woyembekezera amapuma masabata asanu ndi atatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Amene wakwanitsa chaka pantchito akadwala, dokotala n'kulemba kalata, ali ndi masabata anayi a malipiro athunthu ndi ena asanu ndi atatu a theka. Pa penshoni, bwana amaika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amadulidwa 5 peresenti. Msonkho wa PAYE uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo palinso 1 peresenti imene bwana amapereka ku TEVETA, bungwe la maphunziro a ntchito zamanja. Pa intavyu yanga yachiwiri sanandifunse za nzeru za m'mabuku a kunja. Anandipatsa pepala ndi cholembera kuti ndiwerengere ovataimu ya mlonda amene anagwira ntchito pa 6 Julaye. Phunzirani Excel, ndipo khalani pafupi ndi a akaunti masiku okonza payroll, ndandanda wa malipiro a antchito, ngakhale akuyang'aneni ngati mwabwera kudzawalanda mpando.

Gawo la Employment Act limene ndinalidziwa mowawa ndi 57, lonena za kuchotsa munthu ntchito. Tsiku lina mafuta anasowa m'thanki ya lole, ndipo abwana aakulu anandiitana atakwiya: "Lembani kalata, mlonda ameneyu lero lomwe asagone pano." Ine pokhala wamng'ono ndinalemba, iwo anasaina. Sitinamuitane munthuyo kuti anenepo mbali yake. Bamboyo anapita ku ofesi ya Labour, nkhani inakathera ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya pantchito, ndipo kampani inaluza. Khothi silinatayenso nthawi yambiri pa za mafuta. Linafunsa kuti munamumva liti, pamaso pa ndani, ndipo zolemba zake zili kuti. Lamulo limafuna zinthu ziwiri, chifukwa chomveka komanso mwayi woti munthu adziteteze, ndipo wopereka umboni ndi bwana, osati wochotsedwayo. Chichokereni tsiku limenelo ndimalemba kalata yofotokoza mlandu, ndimapereka masiku oti munthu akonzeke, ndimamulola kubwera ndi mnzake kapena wa yuniyoni, ndipo zonse zokambidwa zimalembedwa n'kusainidwa. Abwana akapsa mtima sindikangana nawo pagulu. Ndimadikira alowe mu ofesi, n'kunena kuti, "Bwana, chimene mukufuna chitheka, koma tiyende njira yoti tisakabwezedwe kukhothi." Kawirikawiri pofika mawa amakhala atazizira, ndipo nthawi zina pomva mlandu zimapezeka kuti wakuba ndi wina.

Tsopano za khalidwe la pamalo antchito. Mabwana amakonda kupachika mawu okoma pakhoma la polandirira alendo, koma antchito sawerenga khoma. Amaona zimene zimachitika maliro akagwa. Kodi galimoto inaperekedwa? Bokosi anagula ndani? Pamene mayi a manijala anamwalira ku Area 43 ofesi yonse inatsekedwa, nanga bwanji pa mwana wa wokolopa wa ku Mtandire panapita anthu awiri okha? Zimenezi anthu amazisunga mumtima zaka. Choncho mukangopatsidwa mpata, lembani ndondomeko ya maliro yomveka bwino: achibale ake ati amene kampani imathandiza, masiku angati, chipepeso chochuluka bwanji, ndipo ikhale imodzi kwa aliyense. Inuyo muzipita kumaliroko, chitenje chizikhaliratu m'dirowa. Dalaivala amene munakhala naye pansi kusiwa ku Mitundu sadzakubisirani zikayamba kuvunda kugaraja.

Chimodzimodzinso advansi. Pofika pa 15 anthu amayamba kugogoda, wina fizi, wina lendi, wina katapila wamugwira pakhosi. Mukamapereka poyang'ana nkhope mwadzipalira makala. Ikani malire olembedwa ndipo muziwatsata ngakhale pa mnzanu wa kukwaya. Kumeneko n'kumene chinsinsi chimayesedwa. Mumadziwa malipiro a aliyense, amene akumwa mankhwala, amene mkazi wake anabwera kudzadandaula za ndalama ya ana. Mawu amodzi otayidwa mu minibasi ya ku Kanengo amafika kuntchito inu musanatsike. Mtsikana akabwera kudzanena kuti abwana ena akumugwiragwira kapena akumutumizira mauthenga usiku, tsekani chitseko, mumvetsereni, lembani, ndipo musamuuze kuti angopirira. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa mchitidwewu, ndipo akachoka mu ofesi mwanu osathandizidwa sadzabweranso wina.

Achibale okha ndiye konzekani. Akangomva kuti muli ku HR, foni siizizira: amalume ali ndi mwana, abusa ali ndi mphwawo, anansi akufuna "kaganyu kalikonse". Ine ndimawauza tsiku lotsekera kulandira makalata, ndipo wachibale akafika pa intavyu ndimauza anzanga n'kutuluka m'chipindamo. Ena anasiya kundipatsa moni kuukwati.

Mwana wa achimwene uja anamvetsera zonse, kenako anati, "Ndiye azakhali, kwanuko kulibe malo?" Ndinamupatsa Employment Act yanga yakale, ya masamba opindika ija, ndi ndalama ya minibasi, n'kumuuza kuti Lolemba akasiye CV ku makampani atatu a ku Kanengo kumene ine sindidziwako aliyense.