Mmene banja lingakonzekerere ndi kusonkha ndalama zotengera mwana waulumali mwalamulo

Banja likangonena kuti likufuna kutenga mwana waulumali kuti akhale wawo mwalamulo, funso loyamba limene achibale ndi anzawo amafunsa limakhala la ndalama, ndipo nthawi zambiri banjalo limathamangira kusonkha lisanadziwe bwinobwino kuti likusonkhera chiyani. Ine ndimalangiza kuti muyambe mwamvetsa malamulo, kenako mumudziwe mwanayo ndi zimene thupi lake ndi mtima wake zikufuna, ndipo nkhani ya ndalama ibwere pambuyo pake. Ndalama zosonkhedwa mopupuluma zimathera pa mapepala ndi maulendo, mwana n'kufika pakhomo m'thumba mutauma, pamene chisamaliro chenicheni chikungoyamba kumene.

Malamulo otengera mwana amasiyana dziko ndi dziko, choncho malo oyamba kupitako ndi ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha ana. Komabe pali mfundo zimene mayiko ambiri anagwirizana. Pangano la United Nations loona za ufulu wa ana, la chaka cha 1989, limanena m'ndime 21 kuti pa nkhani yotenga mwana, ubwino wa mwanayo uyenera kukhala patsogolo pa china chilichonse. Pangano la ku Hague, mzinda wa ku Netherlands, la chaka cha 1993, lomwe limatsogolera zotenga mwana kuchokera kudziko lina, limafuna kuti makolo omubereka avomere mwa kufuna kwawo popanda kunyengereredwa ndi ndalama, kuti mayi apereke chilolezo chawo pokhapokha mwanayo atabadwa kale, komanso kuti pasapezeke wopindula mosayenera pa ntchito yonseyi. Pangano linanso la chaka cha 2006, loona za ufulu wa anthu aulumali, limanenetsa m'ndime 23 kuti mwana asachotsedwe kwa makolo ake chifukwa cha ulumali. Motero musanatulutse ndalama iliyonse, funsani chimene chinachititsa kuti mwanayo asakhale kwa abale ake. Ana ambiri okhala m'nyumba zosungirako ana ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo, ndipo ena anasiyidwa kumeneko chifukwa banja linalephera kupeza mankhwala ndi zipangizo. Funso limeneli ndi lowawa kwa munthu amene mtima wake wamukonda kale mwanayo, koma ndi bwino kulifunsa tsopano kusiyana ndi kudzamva yankho lake patapita zaka.

Boma kapena bungwe lololedwa ndi boma limatumiza munthu wodziwa za chisamaliro cha ana kuti adzaone pakhomo panu ndi kulemba lipoti. Amafunsa za mmene munakulira, za ukwati wanu, za thanzi lanu ndi mmene mumapezera ndalama, ndipo amafuna makalata ochokera kupolisi, kuchipatala ndi kwa anthu okudziwani bwino. Muyankheni zoona ngakhale pa zinthu zochititsa manyazi. Akakufunsani kuti ndi ulumali uti umene mungathe kuusamalira, musayankhe kuti wina uliwonse pofuna kuoneka amtima wabwino, chifukwa amene adzavutike ndi yankho lotere ndi mwanayo.

Pamene mwauzidwa za mwana amene mungamutenge, pemphani mapepala ake onse a kuchipatala, ndipo muwapititse kwa dokotala wa ana amene sakugwirizana ndi bungwe lomwe likukuthandizani. Dzina la matenda palokha silikuuzani zambiri, ndiye mufunseni dokotalayo kuti tsiku la mwana wotere limayenda bwanji kuyambira m'mawa kufikira usiku. Mwana wa Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru, amafunika kupimidwa mtima mosamala chifukwa pafupifupi theka la ana otere limabadwa ndi vuto la mtima, ndipo makutu, maso ndi chithokomiro zimafunikanso kuonedwa kawirikawiri. Mwana wa cerebral palsy, vuto la muubongo limene limalepheretsa kuyendetsa bwino ziwalo, angafune mafizo kwa zaka zambiri, ndipo ngati amavutika kumeza, kumudyetsa kumafuna luso: amakhazikidwa mowongoka, mutu utapendekera pang'ono kutsogolo, chakudya chili chofewa, ndipo mumadikira ameze musanamupatse supuni ina, kuopa kuti chakudya chingalowe m'mapapo. Ana ambiri obadwa ndi spina bifida, vuto la msana wosatsekeka bwino, amachotsedwa mkodzo ndi kachubu kangapo pa tsiku, ndipo ena ali ndi kachubu kena kochotsa madzi m'mutu. Kachubu ka m'mutuka kakatsekeka, mwana amadandaula mutu, amasanza ndi kuwodzera mosadziwika bwino, ndipo zikatero ayenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo. Mapazi opindika amawongoledwa ndi njira ya Ponseti, yomanga zikhakha zosinthidwa mlungu ndi mlungu, koma ntchito yaikulu imatsalira makolo, yomuveka nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo usiku uliwonse mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu.

Dziwaninso kuti mapepala a ana okulira m'nyumba zosungirako ana amakhala operewera kawirikawiri, ndipo mwana angafike ndi vuto limene silinalembedwe paliponse. N'chifukwa chake ndimaona kuti kucheza ndi banja limene likulera kale mwana wa vuto lofanana ndi kofunika mofanana ndi kuonana ndi dokotala. Apempheni kuti mukhale nawo m'mawa umodzi, muone mmene amamunyamulira pomusambitsa, nthawi imene imatha pomudyetsa, ndi mmene amagawanirana ntchito usiku. Pambuyo pake mukhale pansi inu awiri, mufunsane moona mtima ngati mphamvu zimenezo muli nazo.

Pali mbali ina imene mabanja amaiwala chifukwa sioneka pa mapepala a kuchipatala. Mwana amene wakulira m'manja mwa osamalira osinthanasinthana amaphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest, m'dziko la Romania, m'chaka cha 2000, motsogozedwa ndi Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anasonyeza kuti ana ochotsedwa m'nyumba zosungirako ana n'kupititsidwa m'mabanja ankakula bwino m'nzeru ndi m'kagwirizanidwe ndi owalera, makamaka amene anachotsedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Mwana wanu angathe kubisa chakudya pansi pa pilo, kudzigwedeza yekha pogona, kukana kukumbatiridwa, kapena kuthamangira mlendo aliyense ngati kholo lake. Zimenezi si mwano kapena kusayamika. Konzekerani kuti m'milungu yoyamba omudyetsa, omusambitsa ndi omutonthoza mukhale inu nokha makolo, alendo achepe, ndipo nthawi yodya ndi yogona isasinthesinthe. Achibale auzeni zimenezi mwana asanafike kuti asadzakhumudwe, ndipo amene akufuna kuthandiza apempheni kuti akuchapireni zovala kapena akuperekezereni ana enawo kusukulu. Ngati mwanayo ali kale ndi dzina limene amavomera, musafulumire kulisintha, pakuti mwina ndi chinthu chokhacho chimene wabwera nacho.

Mukadziwa zonsezi, bajeti imalembeka mosavuta, ndipo muigawe pawiri. Mbali yoyamba ndi ya zolipira kamodzi kokha, monga za kukhoti, za loya, za bungwe, za mapepala ndi kuwamasulira, za pasipoti ndi viza ngati mwana akuchokera kudziko lina, za ulendo, ndi zokonzera nyumba. Mbali yachiwiri ndi ya zolipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri: mankhwala, mafizo, maulendo a kuchipatala, matewera, sukulu, ndi zipangizo monga njinga yoyendera kapena zothandizira kumva, zomwe zimafunika kusinthidwa mwana akamakula. M'mbali yachiwiriyi muwerengeremonso malipiro amene adzatayika ngati mmodzi wa inu adzachepetse masiku a ntchito kapena kuisiya kumene. Lamulo limene ndimaliona kukhala lanzeru ndi lakuti anthu muwapemphe thandizo la mbali yoyamba yokha, koma yachiwiri ichokere m'zimene inu mumapeza, chifukwa anthu amapereka mokondwa pamene nkhani ili yatsopano, ndipo sipadzakhala womusonkhera mwana mankhwala a chaka chachisanu. Ngati muli ndi inshuwalansi ya zaumoyo, afunseni eni ake, ndipo akuyankheni mochita kulemba, ngati adzamulandire mwanayo ndi matenda amene ali nawo kale komanso kuyambira tsiku liti. Funsaninso kuntchito za tchuthi cha kholo lotenga mwana, ndi kuboma za thandizo limene limaperekedwa kwa ana aulumali.

Kusonkha kuyambire m'nyumba mwanu. Chepetsani zogula zosafunikira, gulitsani katundu amene simumugwiritsa ntchito, ndipo sungani ndalama zokwanira miyezi ingapo ya mavuto adzidzidzi musanapemphe kwa wina aliyense, pakuti anthu amathandiza ndi mtima wonse akaona kuti eni ake ayambapo kale. Ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu ipeweni ndithu. Mukatero mungathe kufikira achibale, anzanu akuntchito ndi a chipembedzo chanu, ndipo ndi bwino kulankhula nawo pamaso m'pamaso kapena kuwalembera kalata yotchula kuchuluka kwa ndalama zimene zikufunika, zimene mwapeza kale, ndi zimene zatsalazo zikagwire ntchito yanji. Ena amakonza chakudya cholipiritsa, ulendo wapansi wopemphera thandizo, kapena kugulitsa zinthu zimene anzawo apereka, koma muyambe mwawerengera zimene mwambowo udye, chifukwa miyambo ina imatopetsa anthu ambiri n'kutsala ndi zochepa. Pa intaneti pali masamba osonkhera ndalama monga GoFundMe, koma amadula kachigawo pa ndalama iliyonse yoperekedwa ndipo sagwira ntchito m'mayiko onse, ndiye muwerenge malamulo ake musanatsegule. Alipo mabungwe amene amathandiza mabanja otenga ana aulumali, ndipo ambiri mwa iwo amafuna kuona lipoti lovomerezeka la pakhomo panu asanalandire pempho.

Ndalama zosonkhedwa zisasakanizidwe ndi za pakhomo. Tsegulani akaunti yapadera, lembani m'buku dzina la wopereka aliyense ndi tsiku lake, ndipo sungani malisiti onse. Kuyambira pachiyambi auzeni anthu chimene mudzachite ndi ndalamazo ngati khoti likane kapena mwanayo abwerere kwa abale ake, kaya mudzazibweza kapena mudzazisunga kuti zithandize mwana wina, chifukwa zoterezi zimachitika ndipo kusakambirana kumadanitsa anthu. Polipira, perekani ndalama kwa bungwe lololedwa kapena ku ofesi ya boma, n'kulandira lisiti. Munthu amene akufuna ndalama pamanja popanda pepala, amene akukukakamizani kuti mulipire lero lomwe, kapena amene akuti mupereke kenakake kwa makolo a mwana kuti asayine, muthaweni ndipo mukamunene, pakuti umu ndi mmene ana amazembetsedwera.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ulemu wa mwana pa nthawi yosonkhayi. N'zoona kuti chithunzi cha mwana wogona pabedi la kuchipatala, chilonda cha opaleshoni chili poyera, chimabweretsa ndalama mwamsanga pa Facebook. Koma mwanayo sanavomere, ndipo khoti lisanagamule mulibe ngakhale mphamvu yomuvomerera, n'chifukwa chake mayiko ndi mabungwe ambiri amaletsa kufalitsa zithunzi ndi mayina a ana otere. Zimene zaikidwa pa intaneti sizifufutika msanga. Mwana ameneyu adzakula, ndipo iyeyo kapena anzake akusukulu adzawerenga kuti mayi ake anamusiya pati, kuti amavala matewera, ndiponso kuti anthu anamumvera chisoni motani. Lankhulani za inu ndi zimene mukukonzekera. Mungathe kulemba kuti banja lanu lavomerezedwa kulera mwana wofunika chisamaliro chapadera, kuti mukufuna thandizo lolipirira kukhoti ndi kukulitsa chitseko cha kubafa, ndipo zimenezo n'zokwanira kwa munthu wofunadi kuthandiza. Pewaninso mawu oti mukukapulumutsa mwana, chifukwa amamusenzetsa ngongole yoyamika moyo wake wonse. Opereka athokozeni ndi mtima wonse, koma adziwe mwaulemu kuti mphatso yawo siiwapatsa ufulu wodziwa mbiri ya mwanayo.

Pamene mukudikira chigamulo cha khoti, nthawiyo igwire ntchito. Yezani m'lifupi mwa zitseko ngati mwana adzayendera njinga, konzani potsetsereka m'malo mwa masitepe, ndipo ngati samva, banja lonse liyambiretu kuphunzira chilankhulo cha manja cha dziko lanu. Pitani kusukulu imene mukufuna kuti adzaphunzire, mukafunse mphunzitsi wamkulu mmene amathandizira ana aulumali. Ana amene muli nawo kale auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti padzakhala masiku amene mudzagona kuchipatala, ndipo musawasandutse olera m'bale wawo. Pezani munthu wamkulu mmodzi kapena awiri odalirika amene aphunzire kupereka mankhwala ndi kugwiritsa ntchito zipangizo, kuti inu muzitha kupuma, chifukwa kholo lotopa kwambiri limadwala. Ngati mwanayo adzafuna chisamaliro ngakhale atakula, kaonaneni ndi loya kuti mulembe wilo yotchula womusamalira ndi mmene chuma chake chidzayendetsedwere inu kulibe. Tsiku lomutenga likadziwika, konzeranitu nthawi yoonana ndi dokotala wa ana m'milungu yoyambirira, ndipo pokamutenga muwapemphe omusamalira akulembereni mayina a mankhwala ake, mlingo wake, nthawi yomwera, ndi zimene zimamutonthoza akalira.