Kuphunzitsa mudzi kusamala mjigo ndi chitsime

Mwafunsa kuti muyambire pati pophunzitsa anthu kusamala madzi, poti mjigo ukutulutsa madzi amatope ndipo chitsime chikumaphwa Okutobala asanafike.

Yambani ndi a mfumu komanso mlangizi wa zaumoyo, kenako itanani msonkhano pamjigo pomwepo. Anthu adzionere okha simenti yong'aluka, ngalande yotsekeka ndi chithaphwi chomwe nkhumba zimagonamo. Amayi ndi atsikana ayambe ndiwo kulankhula, poti amatunga tsiku ndi tsiku.

Mukatero, yendani limodzi mukuyeza mtunda. Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pamadzi, ndiponso kumunsi kwake. Apa musanyengerere munthu, ngakhale wachibale wa a mfumu. Kolera yomwe inabuka ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Kenako mangani mpanda, tsekani ming'alu, ndipo kumapeto kwa ngalande kumbani dzenje mudzazemo miyala kuti madzi otayika azilowa pansi.

Chitsime chimafuna chipiriro. Bulugamu amamwa madzi kwambiri, musabzale pafupi. Bzalani mikuyu, katope ndi mibawa mvula ikayamba, udzu wa vetiva m'mizere yopingasa phiri, ndipo lekani kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje.

Sankhani komiti yotolera ndalama mwezi ndi mwezi, yolemba zonse m'kaundula, kuti mphira za mjigo zikatha muzigula msanga. Kunyumba madzi akumwa athiridwe klorini ndi kusungidwa mu ndowa yovundikira.