Inu muli ku Joni, mwana ali ku Blantyre: kusankha sukulu ya mkaka muli kutali

Mwana wanga atakwanitsa zaka zitatu ine ndinali ku Johannesburg, iye ali ndi agogo ake ku Chilomoni. Sukulu ya mkaka ndinamusankhira pa foni, usiku, nditaweruka kuntchito. Mnzanga wina ananditumizira zithunzi pa WhatsApp: makoma opakidwa penti yowala, njovu ndi zilembo zojambulidwa pakhoma, ana atavala yunifolomu ndi timataye, kuphatikizapo kavidiyo ka kamtsikana kakulakatula Chingerezi ngati kabadwira ku London. M'mawa mwake ndinatumiza fizi pa Mukuru. Amayi sindinawafunse kanthu, ndinangowauza kuti mwana ayamba Lolemba.

Nditabwera kumayambiriro kwa Disembala, masukulu asanatsekere, ndinati ndimuperekeze ndekha. Apa mpamene ndinaona kuti sukuluyo inali kutali moti amayi, ndi mawondo awo aja, sakanatha kufikako wapansi. Anachita kupangana ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo mwana wazaka zitatu ankakhala kutsogolo pa thanki, wopanda chipewa, atagwira magalasi. M'kalasi ndinawerenga ana oposa 40, anti mmodzi yekha, ali ndi kamtengo m'manja. Chimbudzi chinali chimodzi, chokhoma ndi loko, ndowa yosambira m'manja ili gwa, youma. Ndinazindikira chifukwa chimene mwana ankafikira kunyumba kabudula atanyowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madzulo ndinawafunsa amayi chifukwa chimene sanandiuzire. Anandiyankha akusenda mbatata, osandiyang'ana: "Mwananga, ndalama ndi zako, sukulu wasankha wekha. Ine ndikanati chiyani?"

Mawu amenewa amandipwetekabe mpaka lero. Ife amene tili kunja, chifukwa choti ndife timatumiza ndalama, anthu akumudzi amatiopa, safuna kutitsutsa. Choncho musanayang'ane sukulu iliyonse, yambani mwakhala pansi, ngakhale pa foni pomwepo, ndi munthu amene akusunga mwanayo, kaya ndi agogo, azakhali kapena mchemwali wanu. Afunseni kuti angathe kuyenda mtunda wotani m'mawa uliwonse, ndani azikamutenga masana iwo akapita kumsika, kumaliro kapena ku Queens, ndiponso kuti ndi sukulu ziti zimene anzawo a pamalopo amaziyamikira. Iwo ndi amene amamva kulira kwa ana kuseri kwa mipanda, inu simungakumve muli ku Cape Town kapena ku Dublin.

Kwa mwana wosakwana zaka zisanu, sukulu yapafupi yofikako wapansi imaposa yapamwamba ya kutsidya kwa tauni. Ganiziraninso za dzinja. Blantyre ndi mzinda wa mapiri ndi mitsinje, ndipo Mudi, Nasolo ndi Naperi ikadzaza sichita masewera. Amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 sitingatenge nkhani ya njira mopepuka. Funsani ngati mwana aziwoloka kamlatho kamatabwa kapena ngalande, ndiponso ngati nyumba ya sukuluyo ili pamalo poti madzi amadutsa.

Mukapeza sukulu ziwiri kapena zitatu, tumani munthu akazione, koma asanene tsiku. Apite cha m'ma 10 koloko m'mawa, ana atatopa kale, njala itayamba, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene khalidwe lenileni la sukulu limaonekera. Ngati eni sukulu akana kuti alowe, akuti adikire pageti kapena abwere tsiku lina, yankho mwalipeza kale. Akalowa, akuimbireni pa vidiyo, ndipo musalole kuti akuonetseni makoma okha. Muuzeni ayambire kuchimbudzi. Bowo lake ndi loti mwana wamng'ono angakhalepo osaopa kugweramo? Chitseko mwana angatsegule yekha? Madzi ndi sopo zilipo pafupi, ndipo mipopi ikauma amatunga kuti? Musaone ngati ndi nkhani yaing'ono. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera, ndipo matenda otsegula m'mimba amafooketsa mwana wamng'ono msanga kuposa wamkulu.

Koma chachikulu pa zonse ndi mlezi. Wotumidwayo akhale pansi kwa theka la ola, angoyang'ana. Mwana akalira, anti amatani? Amagwada n'kumufunsa, kapena amamukalipira ali chiimire? Ana amamuthamangira kukamugwira chitenje, kapena amangoti zii akayandikira? Mwana akadziwonongera, amamusambitsa mwakachetechete kapena amamuchititsa manyazi pamaso pa anzake? Awerengenso ana ndi akuluakulu amene ali m'chipindamo. Munthu mmodzi, ngakhale atakhala wamtima wabwino chotani, sangasamale ana makumi anayi a zaka zitatu, ndipo akatopa ndi pamene kamtengo kamatuluka. Funsaninso kuti aleziwo akhala pa sukulupo zaka zingati. Kumene alezi amasinthasintha teremu iliyonse, kawirikawiri ndi kumene salipidwa bwino, ndipo mwana amene mayi ake ali kale kutali safunika kumazolowera nkhope yatsopano miyezi itatu iliyonse.

Nkhani ya Chingerezi ndi imene imatisokoneza kwambiri ife a kunja. Tavutika nacho m'maofesi ndi m'nyumba za mabwana, ndiye timafuna ana athu asadzaone zomwezo. Ndikumvetsa, inenso chinandikopa ndi chomwecho. Koma mwana wolakatula masiku a pamulungu ndi miyezi ya pachaka ngati nyimbo, osadziwa tanthauzo lake, sanaphunzire Chingerezi, wangoloweza. Pa msinkhu umenewu mwana amaphunzira posewera: kuumba ng'ombe zadothi, kuwerenga zitsekerero za mabotolo, kumvera nthano n'kuyankha kuti "tili tonse", kudikira nthawi yake pa katungwe. Sukulu imene imalanga mwana chifukwa walankhula Chichewa ine sindingaivomereze. Mwanayo akukhala ndi agogo ake, ndiye akamuphunzitsa kuti chilankhulo cha agogowo n'chochititsa manyazi, usiku akadwala adzadandaula kwa yani? Sukulu yabwino imagwiritsa ntchito zilankhulo zonse ziwiri mopanda mantha. Ndipo homuweki ya masamba awiri kwa mwana wazaka zitatu amangolemba ndi akuluakulu a pakhomo.

Sukulu za ana aang'ono mu Blantyre zilipo zamitundumitundu: za anthu paokha, za mipingo, ndi zam'madera zimene timazitcha za m'mera mpoyamba, zoyendetsedwa ndi makomiti a makolo, alezi ake ambiri ongodzipereka. Kumbali ya boma, nkhani za ana a msinkhu umenewu zakhala zili m'manja mwa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, kudzera ku ofesi yake ya pa boma. Funsani eni sukulu ngati analembetsa kumeneko, ndiponso ngati alezi awo anachitapo maphunziro a kaleredwe ka ana. Amene analembetsa sachedwa kutulutsa pepala lake. Musanyoze sukulu ya kutchalitchi kapena ya m'dera chifukwa fizi yake ndi yochepa. Ndinaonapo ina ya mkeka pansi, zoseweretsa zake zopangidwa ndi makatoni ndi zisononkho, koma ana ake ali osangalala kuposa a kuja kwa timataye.

Za chakudya funsani mwachindunji. Kwina amaphika phala, kwina mwana amatenga chake. Ngati ndi chotenga, mbatata, nthochi, chimanga chophika kapena chitumbuwa zimamusunga mwana bwino kuposa makhirisipi ndi zakumwa zotsekemera zimene timakonda kuwatumizira ndalama yake pofuna kudzitonthoza tokha.

Ndalama ndi zimene zimadanitsa abale. Pemphani kuti akulembereni zonse pamodzi musanalipire: fizi ya pa teremu, yolembetsera, yunifolomu, zolembera, chakudya, ndi za mwambo wotsanzikana umene masiku ano ana a mkaka amavala mikanjo ngati a ku yunivesite. Lipirani teremu imodzi imodzi, musalipire chaka chonse, ngakhale atakulonjezani kuchotserako. Mukafuna kumuchotsa mwana ndalamazo sizibwerera. Ngati n'kotheka tumizani ku akaunti ya sukulu, kapena pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo lisiti alijambule akutumizireni tsiku lomwelo. Potero mumamuteteza m'bale wanu, chifukwa ndalama ya fizi ikafika pakhomo tsiku limene ufa watha, mayesero ake ndi aakulu. Sunganinso kangachepe pambali. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu inakwera paliponse, ndipo sukulu za anthu paokha sizidikira chaka chatsopano kuti zikweze fizi.

Kusukulu kukhale maina a anthu ololedwa kukatenga mwana, ndi nambala ziwiri za anthu amene ali mu Blantyre momwemo. Yanu ya kunja ikhale yachitatu, poti mwana akatentha thupi simungakwere ndege kudzamutengera kuchipatala. Buku lake la kusikelo likhale pamalo podziwika, ndipo ngati ali ndi mphumu kapena chakudya china chimamuwenga, alezi auzidwe pamaso. Chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu Seputembala, ndipo Sitandade 1 amayamba ndi zaka 6, ndiye kufufuza kuyambe cha mu Juni kapena Julaye, masukulu asanatsekere, kuti wotumidwayo akapeze ana ali m'kalasi. Ngati mukulingalira zodzamutenga mwanayo kupita naye ku South Africa, kumbukirani kuti kumeneko chaka chimayamba mu Januwale, ndipo adzafuna kalata yake ya kubadwa ndi umboni wa katemera.

Akayamba, musamangomufunsa kuti waphunzira chiyani. Mwana wazaka zitatu sadziwa kuyankha funso limenelo. Mufunseni kuti wasewera ndi ndani, anti anati chiyani atalira, anapita kuchimbudzi kapena ayi. Agogo nawo aziona ngati wayamba kukodza pogona, kapena kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu koma Loweruka ali bwinobwino.

Wanga ndinamuchotsa Januwale wotsatira. Sukulu yatsopano anasankha ndi amayi, ya pa tchalitchi china chapafupi, yopanda chikwangwani chooneka bwino, mphindi khumi wapansi. Amamuperekeza okha atamugwira dzanja, ndipo pobwerera amadzera pamsika kugula masamba. Tsiku lina Lamulungu akundiimbira pa vidiyo, mwana anandiimitsa ndisanamalize moni, n'kukatenga ng'ombe yadothi yothyoka nyanga imodzi, kundiuza kuti anti amuuza kuti mawa akaumba ina.